Kamfuti ka .22 ndi mphunzitsi wabwino, koma musanagulire mayi a kunyumba mumve kaye izi

Loweruka lapitali tinali pa kamphwando ku South Bend, mu Indiana kuno ku America, nsima ili pamoto, achimwene ena n'kunena kuti akufuna kugulira akazi awo revolver (kamfuti ka m'manja kokhala ndi kagudumu ka zipolopolo kozungulira) yaing'ono ya .22 chifukwa akuti "ndi yofewa, sikankha dzanja." Sindinayankhe pomwepo poopa kuwononga chakudya. Ndiyankhe pano, chifukwa maganizo amenewa ndawamva kwa anthu ambiri, ndipo theka lake ndi loona, theka linalo ndi limene limakhumudwitsa anthu akagula kale.

Zoti sikankha n'zoona. Ine ndakhala ndi kamfuti kotere zaka zingapo, ndipo kandiphunzitsa zambiri kuposa mfuti ina iliyonse imene ndinagwirapo. Zipolopolo za .22 LR ndi zotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi za .38 Special, moti umatha kuwombera mazana awiri masana amodzi thumba osadandaula, dzanja osatupa. Munthu wongoyamba kumene amene wapatsidwa .38 yopepuka amayamba kutsinzina ndi kugwetsa dzanja mfuti isanalire n'komwe, ndipo chizolowezi chimenecho chimavuta kuchotsa. Pa .22 mantha amenewo palibe, ndiye umaona bwinobwino zolakwa zako. Chipolopolo chikapita kumbali kwa chandamale, wolakwa ndi chala chako, palibe wina womunamizira.

Koma ndiye chalacho. Apa ndi pamene achimwene aja sanafunse.

Chipolopolo cha .22 chilibe kabatani pakati ngati zipolopolo zikuluzikulu. Mankhwala oyatsa wonga amawapaka mkati mwa mkombero wa pansi pa chigoba, n'chifukwa chake amazitcha rimfire. Kuti chiphulike, kanyundo ka mfuti kayenera kuphwanya mkomberowo mwamphamvu, ndiye opanga amaika sipuling'i yolimba kuposa ya mu .38. Zotsatira zake, trigger (kachitsulo kokoka ndi chala powombera) ya revolver ya .22 imakhala yolemera kukoka, nthawi zambiri kupitirira makilogalamu 5, pamene mfuti yonseyo siifika ndi theka la kilogalamu. Smith & Wesson 43C ndi yosapitirira magalamu 350, Ruger LCR ya .22 imaposa pang'ono magalamu 400. Taganizani kukoka makilogalamu 5 amenewo ndi chala chimodzi, kwinaku mukufuna kamfuti kopepuka ngati foni kasagwedezeke. Ndaonapo mayi wina wachikulire wa nyamakazi atalephera kukoka mpaka kumapeto ndi chala chimodzi, anachita kuthandizira ndi cha dzanja linalo. Amuna awo anali atalipira kale.

Ena amathamangira kusintha sipuling'i kuti trigger ifewe. Pa .22 mukatero mwagula mavuto, chifukwa kanyundo kayamba kumenya mofooka ndipo zipolopolo zina sizilira. Ngati ndi yongosewera nayo ku range, malo ophunzirira kuwombera, zanu zimenezo. Yoyenda nayo m'thumba yodzitetezera ayi.

Pa nkhani yodalirika, anthu amakonda kunena kuti revolver siikanika. Imakanika, kungoti mosiyana. Ubwino wake weniweni ndi woti chipolopolo chikakana kulira, umangokokanso trigger, cylinder, kagudumu ka zipolopolo kaja, n'kuzungulira kubweretsa china, pamene pa pistol, mfuti ya m'manja yopanda kagudumu, umayenera kuchotsa chakufacho ndi manja awiri. Ndipo za .22 zimakanadi kawirikawiri kuposa zikuluzikulu, chifukwa mankhwala aja nthawi zina safika mkombero wonse. Mu bokosi lalikulu la zotchipa sindidabwa kupeza zingapo zakufa, ndipo zina ukazitembenuza pang'ono kuti kanyundo kamenye pena zimalira. Ku range, chikakana, dikirani kaye kanthawi mfuti ikuyang'ana kuchandamale, pali zina zimachedwa kuphulika.

Chimene chinandichititsa manyazi ine ndi uve. Zipolopolo za .22 LR zimapakidwa phula kunja, ndipo wonga wake umasiya mwaye wambiri. Tsiku lina nditawombera kwa nthawi yaitali osapukuta, zigoba zinayamba kukakamira, zatsopano kukana kulowa mpaka kumapeto, kenako cylinder inangouma gwa. Ndinayesa kuti mfuti yathyoka. Mkulu wina amene anali pambali panga anangotenga mswachi wakale, n'kusesa timbewu ta wonga timene tinalowa pansi pa kanyenyezi kotulutsa zigoba, basi mfuti inachira. Kuyambira pamenepo potulutsa zigoba ndimaloza mpope kumwamba kuti zinyalala zigwere pansi, ndipo mswachi sumachoka m'chikwama.

Za masaiti, tizitsulo toyang'anira poloza chandamale, ndizinena mosabisa: pa timfuti tambiri ta mpope wa mainchesi awiri ndi osauka. Kumbuyo kumangokhala kamsewu kosema pamwamba pa chitsulo, kutsogolo kachitsulo kakuda kamene kamasowa ukaloza chinthu chakuda kapena kukayamba mdima. Ife a zaka zopitirira makumi anayi timadziwa mmene maso amachitira. 43C ili ndi kadontho koyera kakakulu kutsogolo, ndipo kamathandiza. Pa LCR kakutsogoloko kamagwidwa ndi kapini, ndiye ukhoza kusinthitsa n'kuika kowala. Ine ndinangopaka utoto wa m'zikhadabo wa olenji, ndipo kusintha kwake kunandidabwitsa. Vuto lina ndi loti saiti ya kumbuyoyo siisuntha, choncho ngati zipolopolo zanu zikugwera m'munsi kapena kumanzere, muyenera kusintha mtundu wa zipolopolo mpaka mutapeza zogwirizana ndi mfutiyo. Amene cholinga chake ndi kuphunzira basi, ndingamulangize za mainchesi atatu zokhala ndi saiti yosuntha, monga Smith & Wesson 63 kapena 317, kapena Ruger LCRx. Koma zimenezo m'thumba la buluku sizikhala bwino.

Nanga kuyenda nayo? Amene amati .22 ndi choseweretsa akumbuke kuti pa 30 March 1981 pulezidenti wa America Ronald Reagan anatsala pang'ono kufa ndi revolver yotchipa ya .22, ndipo mneneri wake James Brady anapuwala moyo wake wonse. Imapha. Koma kupha ndi kuimitsa munthu nthawi yomweyo ndi zinthu ziwiri, ndipo pa chachiwirichi .22 ndi yofooka kuposa .38 kapena 9mm, tisanamizane. Chimene imabwezera ndi zipolopolo 8 m'malo mwa 5, komanso kuti mwini wake amakhala wayiwombera kambirimbiri mpaka kuizolowera. Masiku ano kulinso zipolopolo ngati Federal Punch zimene anazipangira mipope yaifupi kuti zizilowa mokwanira. Ilipo ina ya .22 Magnum, yamphamvuko, koma phokoso ndi moto wake pa mpope waufupi zimadzidzimutsa, zipolopolo zake n'zodula, ndiye phindu lija lophunzira motchipa lathawa.

Ndiye kwa ine, munthu amene dzanja lake silipirira .38 koma chala chake chikutha kukoka trigger ija kasanu ndi katatu motsatizana saiti osagwedezeka, akhoza kuyenda nayo, bola zipolopolo zikhale zabwino zimene waziyesa yekha mabokosi angapo mu mfuti yomweyo, ndipo ikhale mu holster, kachimake ka mfuti, yophimba trigger, osati kungoiponya m'chikwama pamodzi ndi makiyi.

Ndisaiwale za malamulo, poti ena muli pano mwangofika. Ku Indiana kuyambira pa 1 July 2022 safunanso chiphaso choyendera ndi mfuti, koma zimenezo sizikutanthauza aliyense. Amene muli pa visa ya sukulu kapena yongocheza, lamulo la boma lalikulu limakuletsani kukhala ndi mfuti kupatula pa zifukwa zochepa kwambiri, ndipo mlandu wake ukhoza kukubwezani kumudzi. Mukawoloka kupita ku Michigan kapena Illinois malamulo asinthanso. Kwathu ku Malawi ndi nkhani ya chilolezo cha apolisi, musayerekeze kuika ngakhale chigoba chimodzi mu sutikesi.

Achimwene, ku range yambiri amabwereketsa mfuti. Atengeni alamu Loweruka likubwerali, ine ndibweretsa yanga ndi zipolopolo, akakoke okha trigger imeneyo ndalama isanatuluke.