Mwana wa Folomu 4 akathedwa nzeru amapita kwa yani? Kuno, ku Zambia ndi ku Zimbabwe

Kuno kwathu mwana wa Folomu 4 akhoza kuyankha bwinobwino funso lonena za njira zochepetsera nkhawa, n'kupata malikisi onse, chonsecho iye mwini akugona maola atatu okha pa usiku kwa mwezi wathunthu. Phunziro la Life Skills lili ndi mitu yabwino: kudzidalira, kukana kutengeka ndi anzako, kuthana ndi nkhawa. Koma tinaliika pamzere umodzi ndi Biology ndi Geography, ndiye mwana amaloweza zizindikiro za nkhawa kuti atsitse mapointi, osati kuti azizindikire m'thupi mwake.

Lowani mu hostel teremu yomaliza muone. Magetsi azimitsidwa, koma pansi pa bulangeti pakuwala tochi. Wina waviika miyendo m'ndowa ya madzi ozizira kuti tulo tisamugwire. Mtsikana wa pa CDSS amene akuchita lendi kachipinda pafupi ndi sukulu amawerenga uku akuwerengera ufa wotsala m'jumbo, ndipo akudziwa kuti kwawo anagulitsa mbuzi chifukwa cha iye. Zaka zinayi zonse zikukayezedwa m'masabata ochepa, kamodzi pa chaka. Bungwe la MANEB limatenga maphunziro asanu ndi limodzi amene wakhoza bwino, a NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, n'kusankha ochepa opita kuyunivesite za boma, ena onse n'kubwerera kumudzi kukamva mawu oti "wangotiwonongera ndalama".

Amene analemba MSCE mu 2020 amadziwa bwino kulemera kwake. Sukulu zinatsekedwa mu March chifukwa cha Covid-19, ana anakhala kunyumba miyezi yambiri, ndipo atangoyamba kulemba, mayeso anathetsedwa mu November chifukwa anabedwa. Anakalembanso mu January 2021. Tinakamba kwambiri za likasa, za oyenera kuchotsedwa ntchito ndi za ndalama zosindikizira mapepala ena. Za mtima wa mwana wosalakwa amene anauzidwa kuti ayambirenso kuwerenga, tinakamba pang'ono zedi. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anasandutsa makalasi ambiri a kumwera kukhala misasa ya anthu othawa madzi, ndipo patangopita miyezi yochepa ana ena amene anataya abale anakhala pa desiki n'kulemba pepala lofanana ndi la anzawo a ku Mzuzu.

Mukangodutsa pachipata cha Mwami kulowa m'dera la Chipata, mupeza anthu olankhula ngati ife, odya nsima ngati ife, koma sukulu zawo zinasankha njira ina. Ku Zambia sukulu ya sekondale imayenera kukhala ndi mphunzitsi wa uphungu (guidance and counselling), munthu wodziwika ndi dzina amene mwana angamugogodere. Ichi ndimachisirira. Kwathu kuno ntchito imeneyi imagwera aliyense amene ali ndi mtima wabwino: matron, mphunzitsi wa kalasi, mlangizi wa magulu achikhristu a ophunzira monga SCOM kapena YCS, mwina amayi a mother group. Akasamutsidwa munthu wamtima wabwinoyo, chithandizo chatha.

Komatu anzathuwa sizikuwayendera monga zinalembedwera. Mphunzitsi wa guidance nthawi zambiri amakhala ndi makalasi ake oti aphunzitse, ndipo ndi yemweyo amene amathamanga ndi kalembera wa mayeso a ECZ (bungwe la mayeso la ku Zambia), manambala a ana ndi zikalata za zotsatira. Ofesi yoti mwana akalilireko imasanduka ofesi ya mapepala. Chakumayambiriro kwa 2022 boma la Hakainde Hichilema linachotsa fizi mpaka Giredi 12, ndipo chaka chomwecho linalemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000. Nkhawa imodzi yaikulu, yothamangitsidwa chifukwa cha fizi, inachoka pamutu pa ana ambiri, ndipo chimenechi pachokha ndi mankhwala a maganizo. Koma walira mvula walira matope: makalasi anadzaza, ndipo m'kalasi yodzaza mwana amene wasiya kulankhula saoneka.

Chimene a Zambia amatiposa nacho kwenikweni, mwa kuona kwanga, ndi khomo lachiwiri. Wolephera masamu kapena Chingerezi mu Giredi 12 akhoza kulembetsa mayeso a GCE, olembedwa chapakati pa chaka, n'kukonza phunziro lomwe linamugwetsalo. Ku Zimbabwe nakonso bungwe la mayeso la ZIMSEC limalembetsa kawiri, mu June ndi mu November. Zikuoneka ngati nkhani ya kalendala chabe, koma taganizirani kusiyana kwa kuuza mwana wolira kuti "ulembanso pakangopita miyezi ingapo" ndi kumuuza kuti "dikira chaka chamawa, ngati ndalama zipezeke". Mayeso akakhala ndi khomo limodzi, kulephera kumamveka ngati imfa, ndipo ana ena amakumvadi choncho.

A Zimbabwe anayesanso china chimene ambiri kuno timachilakalaka. Mu 2021 anayamba kuwerengera ntchito za m'kati mwa chaka, zotchedwa CALA, kuti zizipereka malikisi 30 pa 100 alionse. Cholinga chinali chabwino: tsogolo la mwana lisamangidwe pa maola awiri a m'chipinda cha mayeso. Zotsatira zake zinali madandaulo okhaokha. Phunziro lililonse linkafuna ntchito zake, zambiri zofuna intaneti, kusindikiza ndi kugula zipangizo. Makolo a m'tauni ankalembera ana kapena kulipira wowalembera, a kumudzi n'kumangoyang'ana. Nkhawa ya mwezi umodzi inasanduka nkhawa ya chaka chonse, mpaka mu 2024 boma linachotsa CALA n'kuikapo mapulojekiti ochitira kusukulu. Amene akufuna kuti MSCE iziwerengera ntchito za m'kalasi ayambe aphunzira nkhaniyi, poganizira mwana wa pa CDSS yopanda magetsi.

Chabwino koposa cha ku Zimbabwe sichinachokere ku unduna wa maphunziro n'komwe. Mu 2006 dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench ku Harare. Anaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera, n'kuwakhazika pa benchi panja pa chipatala. Munthu amakhala pansi, amafotokoza zomusautsa, agogo samulalikira kapena kumudzudzula, amangomuthandiza kusankha vuto limodzi loti ayambe nalo. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anaonetsa kuti njirayi imachepetsadi matenda a nkhawa. Kuno kwathu madokotala a maganizo ndi owerengeka, ndipo chipatala cha Zomba Mental kapena cha St John of God ku Mzuzu n'kutali kwa mwana wa ku Nsanje kapena Ntchisi. Koma amayi a mother group tili nawo kale m'midzi. Chimene akusowa ndi maphunziro a kamvetseredwe, komanso kudziwa nthawi yoti mwana atumizidwe kuchipatala. Ndipo aphunzitsidwe kusunga chinsinsi, chifukwa mtsikana sangaulule kanthu kwa mayi amene mawa akakumana ndi amayi ake pamjigo n'kuwauza zonse.

Pa nkhani ya atsikana otenga mimba, ife tinatsogola. Malawi inalola kuti azibwerera kusukulu mu 1993, Zambia mu 1997. Mozambique inkawasamutsira ku makalasi a usiku mpaka inathetsa lamulolo mu 2018, ndipo Zimbabwe inaletsa kuwachotsa sukulu kudzera m'lamulo la maphunziro la 2020. Komabe kubwerera papepala ndi kwina, kukhala m'kalasi anzako akukuseka kuti "amake mwana" n'kwinanso.

Pamene tinatsalira moonekeratu ndi pa lamulo lokhudza kudzipha. Ku Zambia ndi ku Zimbabwe munthu woyesa kudzipha satengedwa ngati wopalamula. Kuno gawo 229 la malamulo a milandu lakhala likunena kwa zaka zambiri kuti umenewu ndi mlandu. Mphunzitsi akapeza mwana atamwa mankhwala oopsa m'hostel, maganizo ake asamagawikane pakati pa chipatala ndi polisi, ndipo mnzake wa mwanayo asamaope kukanena. Nambala ya 116 imagwira ntchito m'maiko onse anayiwa, kuphatikizapo Mozambique, ngati foni yaulere yothandiza ana. Kuno ndi ya Tithandizane, yoyendetsedwa ndi YONECO. Ndi sukulu zingati zimene zinailemba pakhoma la hostel?

Sindikunena kuti tichotse Life Skills kapena tifewetse MSCE. Ndikufuna sekondale iliyonse ikhale ndi mphunzitsi mmodzi wophunzitsidwa uphungu, wochepetseredwa mapiriyodi, amene sagwira za kalembera wa mayeso komanso sakhala m'komiti yopereka zilango, pakuti mwana sangatsegule mtima kwa munthu amene dzulo anamukumbitsa dzenje. Ndikufuna MANEB iganizire zolembetsa kachiwiri m'chaka, ngakhale itayamba ndi Chingerezi ndi masamu okha.

Ndipo pali china chosafuna bajeti. Zotsatira zikatuluka, mawailesi ndi masamba a Facebook amadzaza ndi zithunzi za amapointi 6, sukulu zikudzitamandira. Tsiku lomwelo a hedi ali ndi mndandanda wa onse amene mayina awo sanatuluke, ndipo nambala za makolo awo zili mu rejisitala. Aphunzitsi agawane mayinawo, aliyense aimbire ana asanu sabata lisanathe, afunse mwanayo mmene alili, amuuze kumene angakalembetsenso, kenako apemphe kulankhula ndi bambo kapena mayi ake.