Kamtengo kapulasitiki palibe akukagwadira

Ndingonena poti zandikwana. Dzulo alamu anga abwera kunyumba, apeza ana akukoleka timipira ndi timagetsi pa kamtengo ka Khirisimasi, asanakhale n'komwe pansi ayamba kale, akuti "alamu mwalowetsa fano m'nyumba, izi n'zachikunja". Pamaso pa ana. Usiku kamtsikana kanga ka zaka 6 kakundifunsa ngati tikapse kumoto chifukwa cha mtengo. Mwana wa zaka 6 abale!!

Funso langa ndi limodzi basi. Ndani m'nyumba muno wagwadira mtengo? Ndani wautsirira nsembe? Kamtengo kake kapulasitiki, kopangidwa ku China, Januwale akafika timakapinda n'kukaponya mukatoni pamwamba pa wodilopu, ndiye mulungu wanji amene amagona ndi mphemvu miyezi 11?

Akuti werengani Yeremiya 10. Ndawerenga, ndipo inu muwerenge mpaka vesi 5 osangothera pomwe pakukomerani. Pamenepo akunena munthu wodula mtengo, mmisiri n'kuusema, kuukuta ndi siliva ndi golide, kuukhomera misomali kuti usagwe, chinthu choti sichilankhula ndipo amachita kuchinyamula. Limenelo ndi fano losema, anthu ankalipembedza. Ife sitinaseme kanthu ndipo sitikupembedza kanthu.

Eya, anthu akale ku Ulaya ankakongoletsa nyumba ndi masamba obiriwira nthawi yozizira, Aroma ankatero pa zikondwerero zawo zakumapeto kwa chaka, sindikukana. Kukazizira mitengo yonse n'kuyoyoka masamba aliyense angakonde chobiriwira, n'zomwezo. Koma mtengo wa Khirisimasi umene tikuudziwawu unayamba ndi Akhristu olankhula Chijeremani. Pa 24 Disembala ankachita sewero la Adamu ndi Hava, n'kuimika mtengo wa m'paradaiso wokolekapo maapozi, timipira tofiirati n'kumene tinachokera. Ku Strasbourg, mzinda umene lero uli ku France, zinalembedwa mu 1605 kuti anthu akuimika mitengo m'nyumba n'kukolekapo maluwa apepala ndi maapozi. Ku Britain unatchuka 1848 nyuzipepala itatulutsa chithunzi cha Mfumukazi Victoria ndi Prince Albert ali ndi ana awo pamtengo. Onsewa anthu opita kutchalitchi. Palibe anagwada.

Ndipo ngati vuto ndi komwe chinthu chinachokera, tiyeni tiyambire pa kalendala yanuyo alamu. Januwale ndi dzina lochokera kwa Janus, mulungu wa Aroma wa nkhope ziwiri. Malichi ndi Mars, mulungu wa nkhondo. Malipiro a Malichi munawakana? Munabweza kuti ndi achikunja? Anyani amasekana zikundu.

Amene safuna mtengo asaike, nyumba ndi yake. Ndili ndi anzanga amene sachita Khirisimasi n'komwe, timalemekezana bwinobwino, sanabwerepo kwanga kudzaopseza ana. Chandipweteka si maganizo anu ayi, n'zoti mwalowa pakhomo pa eni n'kuuza mwana kuti mayi ake akupembedza satana chifukwa cha timagetsi tothwanima. Mwana sakudziwa Aroma, sakudziwa Janus, iye akungoona nyenyezi pamwamba imene anaidula yekha pakatoni ya sopo n'kuikuta ndi pepala lonyezimira. Fano limakhala mumtima, chimene munthu wachiika m'malo mwa Mulungu, ndipo ena foni yomweyo imene mumaigwira mukangodzuka musanapemphere n'komwe ndiye yakugwirani.

Ndipo pa foni pomwepo, zonsezi zachokera pa kavidiyo ka WhatsApp kamene anaponya mugulupu ya banja, ka bambo wina woti sitikudziwa ndi ndani. Gulupu imeneyi tinatsegula kuti tizisonkherana za mankhwala a agogo. Chaka chonse anthu ali ziii, ndalama kulibe, ati zinthu zavuta, koma bando yotumizira mavidiyo a mphindi 20 ilipo tsiku lililonse. Mwezi uno asonkha anthu atatu okha.