Abambo, tisanamutche mkazi chumba tikayezetse kaye ifeyo

Nkhani iyi yandisowetsa mtendere. Mlamu wanga wakhala pabanja zaka 6 popanda mwana, ndipo zaka zonsezo wovutika anali mkazi wake, kumwa mitsitsi yowawa, kusala kudya, apongozi kumunyogodola pamaliro pomwe. Mlamuyo kuchipatala amakana, eti "ine ndili bhobho, ntchito ndimagwira." Gondolosi yekha osaphonya.

Atapita mokakamizidwa, adokotala anangomuuza aimirire, akankhe mpweya ngati ali kuchimbudzi, n'kugwira tchende lakumanzere. Pamwamba pake panali mitsempha yamagazi yotupa, yopotanapotana ngati nyongolotsi zili m'thumba. Dzina lake ndi varicocele. Iye amaimva kalekale, kulemera ndi kuwawa pang'ono akaima tsiku lonse, akagona n'kusiya, ndiye amangoti ndi kutopa.

Si phudzi ayi, phudzi lija limakhala madzi. Apa ndi magazi amene akulephera kukwera bwino, amangodikha m'mitsempha n'kutenthetsa machende. Machende amalendewera panja dala, kuti azizizirapo kuposa thupi, akatentha mbewu zimachepa mu umuna, zina zimafooka osatha kusambira. Kawirikawiri zimagwira kumanzere chifukwa mtsempha wa uko ndi wautali, umakathira mu mtsempha wa impso. Amuna pafupifupi 15 pa 100 alionse ali nayo ndipo ambiri amabereka bwinobwino, koma mwa amuna amene akuvutika kupereka mimba ndi pafupifupi 40 pa 100.

Chomwe chimandipweteka ndi ichi, ife timaganiza kuti bola kuchipinda zikuyenda ndiye kuti umabereka. Ayi ndithu. Umuna utha kutuluka wambirimbiri koma mbewu zili zochepa, zimenezo sungaone ndi maso, amaona ndi ku labu. Kuyezetsa umuna sikupweteka nkomwe, ukayerekeza ndi zomwe amayi amadutsamo.

Mlamu anachitidwa opaleshoni yomanga mitsempha ija, anamuuza adikire miyezi 3 mpaka 6 asanayezenso chifukwa mbewu zimatenga masiku oposa 70 kuti zikhwime. Si onse amafunika opaleshoni, ndipo si onse amabereka akachitidwa, panopa tikudikirabe. Koma tsiku lomwe anabwera ndi zotsatira zosonyeza kuti vuto lili mwa iye ndinaona mkazi wake akulira pakhonde, anangoti "zaka zonsezi ndimayesa ndine."

Ndipo varicocele ikatulukira mwadzidzidzi, makamaka kumanja, kapena osaphwa mukagona, musazengereze kupita kuchipatala, adokotala akayang'anenso impso.