Jinzi ya ku Japan musagule ndi nambala ya pa lebulo

Maganizo anga pa madandaulo amene akuchuluka okhudza jinzi za ku Japan ndi awa: ambiri amene akunena kuti masitolo a kumeneko sasamala makasitomala anagula saizi yolakwika, ndipo cholakwikacho chinachitika asanalipire n'komwe. Munthu aona W32 (chiuno cha mainchi 32), akumbukira kuti jinzi yake ya masiku onse ndi 32, adina batani, ndalama zapita. Katundu akafika batani la m'chiuno likukana kutseka, mkwiyo wonse upita kwa wogulitsa.

Nambala ija ilibe tanthauzo limodzi. Makampani akuluakulu a zovala anatizoloweza kutinyengerera: buluku lolembedwa 32 mukaliyeza ndi tepi nthawi zambiri limakwana mainchi 33 kapena 34. A ku Japan ambiri sanyengerera choncho, komanso pakati pawo sagwirizana. Ena nambala yawo ndi ya jinzi isanalowe m'madzi, ena ndi ya jinzi itachapidwa kale. Ndiye 32 ya Full Count, 32 ya Samurai ndi 32 ya Iron Heart musaziyese chinthu chimodzi. Ngakhale m'kampani imodzi momwemo, masitayilo awiri a nambala yofanana amasiyana m'ntchafu.

Chochita n'chosavuta, koma anthu amachita nacho ulesi. Tengani jinzi imene imakukwanani bwino panopa, tsekani mabatani onse, iyaleni pansi kapena patebulo. Osayeza thupi lanu, yezani chovalacho. M'chiuno: kokani mbali ya kutsogolo ifanane ndi ya kumbuyo, yezani kuchoka mbali ina kufika mbali ina, chulukitsani kawiri. Kenako kuchoka pamene misoko imakumana m'mphechepeche kukwera mpaka pamwamba pa lamba, kutsogolo payokha, kumbuyo payokha. Ntchafu muyeze kuyambira pomwepo pokumana misoko kupita cha kunja, mopingasa. Bondo lili pa masentimita pafupifupi 35 kutsika kuchoka pamenepo. Mutsirize ndi kukamwa kwa mwendo ndi kutalika kwa msoko wam'kati. Manambala asanu ndi awiri amenewa ndiwo saizi yanu yeniyeni. Muone kaye kuti sitoloyo imayeza bwanji, chifukwa ena amayeza ntchafu inchi imodzi pansi pa mphechepeche, ndipo kusiyana kumeneko kokha kungakusocheretseni. Muonenso ngati akulemba masentimita kapena mainchi. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54.

Pa manambala onsewo, ofunika kuopa ndi ntchafu ndi kutalika kwa pakati paja. Chiuno chimatamuka. Nsalu ya thonje lokhalokha mukaivala masabata angapo imawonjezera inchi imodzi kapena kuposerapo m'chiuno, pakuti pamenepo m'pamene imakokedwa tsiku lonse. Ntchafu imatamuka pang'ono chabe, ndipo kutalika kwa kutsogolo ndi kumbuyo sikusintha n'komwe. Ambiri a ife tili ndi ntchafu ndi matako okulirapo poyerekeza ndi chiuno, pamene masitayilo othina a kumeneko anadulidwa poganizira matupi owongoka. Jinzi yothina m'ntchafu sikuti imangosowetsa mtendere, imabooka msanga pakati chifukwa ulusi umakhala wokokeka pamene miyendo ikukhulana. Ndiye sankhani potengera ntchafu, chiuno chikakula pang'ono lamba alipo.

Tsopano nkhani ya madzi, imene imagwetsa anthu ambiri. Mukamawerenga za jinzi mufufuze mawu atatu. Sanforized ndi nsalu imene inafupikitsidwa kale kufakitale ndi nthunzi ndi makina, njira imene Sanford Cluett anatulukira ku America cha m'ma 1930. Yotereyi imabwerera pang'ono, 1 mpaka 3 peresenti. Unsanforized ndi nsalu yongochoka pamakina oluka, ndipo imabwerera pakati pa 5 ndi 10 peresenti ikakumana ndi madzi koyamba. One wash ndi jinzi imene opanga anaichapa kale kamodzi, choncho kubwerera kwakukulu kunachitika. Tiyerekeze jinzi ya unsanforized ya chiuno cha mainchi 34 ndi mwendo wa 36. Ikatuluka m'madzi otentha chiuno chingatsike kufika cha pa 32, mwendo n'kutaya mainchi awiri kapena atatu. Amene anaigula kuti imukwane ili youma walira kale.

Kwa woyamba kumene, ine ndimati gulani one wash basi. Akatswiri ena anyoza, akuti kukoma kwake n'kuinyika wekha. Chabwino, koma iwowo ali ndi sitolo pafupi. Ngati mwagulabe yosachapa, itembenuzeni kunja kukhale m'kati, inyikeni m'bafa la madzi ofunda bwino kwa mphindi 30 mpaka ola, popanda sopo, kenako muyanike pamthunzi osaifinya. Kufinya ndi kuikunga kumasiya mizere yoyera imene sidzachoka. Madzi akatentha kwambiri imabwereranso kwambiri, ndipo kachikopa ka kumbuyo kaja kamakwinyika.

Musapite nayo kwa telala musanainyike. Izi ndibwereze: musadule mwendo jinzi isanalowe m'madzi. Zimabwera zazitali dala, mainchi 34 mpaka 36, kuti mudule itabwerera. Mpendero wake woyambirira umasokedwa ndi msoko wa unyolo pa makina akale a Union Special 43200G, amene amakoka nsalu mopotoza pang'ono, ndipo ndiwo amabweretsa timizere tokhota tija pampendero ikayamba kusuluka. Masitolo ambiri a ku Japan amadula ndi kusoka choncho mukawauza kutalika, ena mwaulere. Koma dziwani kuti jinzi yodulidwa sibwezedwa. Telala wa pakhonde la sitolo angathe kuipinda ndi msoko wamba, palibe tchimo, bola akhale ndi singano yaikulu ya 110/18 ndi ulusi wokhuthala, ndipo ayambe wamenya ndi hamala pamene misoko yaunjikana. Apo ayi singano zithoka zitatu asanazungulire mwendo umodzi.

Kulemera kwa nsalu amalemba ndi oz (ma ounce), kutanthauza kulemera kwa yadi imodzi mulitali ndi mulifupi. Jinzi wamba ndi 11 mpaka 13. Za ku Japan zambiri zili pa 13 mpaka 16, ndipo Iron Heart inatchuka ndi 21, imene anaipangira okwera njinga zamoto. Wa ku Manchester aivale. Wa ku Nsanje kapena ku Tete mwezi wa Okutobala aiwale.

Majekete ndi mashati ndinene mwachidule. Amalemba 36, 38, 40, 42, ena 1, 2, 3, ndipo L ya ku Japan kawirikawiri ndi M ya kwina. Yezani kuchoka kukhwapa kufika kukhwapa, mapewa, mkono ndi kutalika kwa kumsana. Makampani monga The Real McCoy's, Buzz Rickson's, Sugar Cane ndi Warehouse amatsanzira zovala za asilikali ndi antchito a ku America za m'ma 1940 ndi 1950, pamene mabuluku ankavalidwa pamchombo. N'chifukwa chake jekete zake zimathera pa lamba. Sinachepe, anaipanga choncho.

Za mtengo. Anthu amafunsa kuti buluku lingadule bwanji chonchi. Ku Japan komweko jinzi yabwino ya makampani amenewa imakhala cha pakati pa 25,000 ndi 40,000 yen, ndipo ikafika m'masitolo a ku London kapena New York imakwera kwambiri chifukwa cha mayendedwe, msonkho ndi phindu la wogulitsa. Gwero la mtengo lili pa nsalu. Imalukidwa pa makina akale a shuttle, ambiri a Toyoda, amene amayenda pang'onopang'ono ndipo amatulutsa nsalu yopapatiza, cha m'ma inchi 30, pamene makina amakono amatulutsa ya mainchi 60 mofulumira kangapo. Buluku limodzi limadya mamita awiri ndi theka kapena atatu a nsalu yopapatizayo. Ulusi umanyikidwa mu indigo, utoto wa buluu wa jinzi, kambirimbiri uli m'mitolo ngati chingwe, utoto n'kugwira kunja kokha, m'kati n'kutsala moyera, ndipo kusuluka kokongola kuja kumachokera pamenepo. Mafakitale ake ndi ochepa ndipo ali dera limodzi: Kaihara ku Fukuyama, Kuroki ndi Nihon Menpu ku Ibara, ndi osoka a ku Kojima mu mzinda wa Kurashiki, kumene Big John inayamba kusoka jinzi mu 1965. White Oak ya Cone Mills, fakitale yaikulu yomaliza ya nsalu yotereyi ku America, inatsekedwa kumapeto kwa 2017, zimene zinawonjezera anthu othamangira ku Japan.

Chimene ambiri kuno sadziwa n'chakuti Full Count ndi Momotaro amanyadira thonje la ku Zimbabwe, lothyoledwa ndi manja, la ulusi wautali. Limachoka kwa anansi athu pa mtengo wa mlimi, n'kubwerera kuno lili buluku la madola mazana.

Koma musapusitsidwe ndi kamzere kofiira ka m'mphepete kokha. Kamzereko ndi chizindikiro cha selvedge, nsalu ya pa makina a shuttle aja, ndipo selvedge ndi mtundu wa malukidwe, si chitsimikizo cha ubwino. Uniqlo imagulitsa jinzi za selvedge za nsalu ya Kaihara pa mtengo wotsika kangapo. Kwa amene akungofuna kulawa, kuyambira pamenepo si manyazi. Ndipo jinzi ya Evisu yokhala ndi utoto woyera pamatumba imene mwaipeza pa kaunjika muiyang'anitsitse kawiri, pakuti ndi imodzi mwa jinzi zimene zimaberedwa dzina kwambiri.

Mtengo wa pa tsamba si umene mudzalipire. Mitengo ya m'dziko la Japan imakhala ndi msonkho wa 10 peresenti, umene unakwera kufika pamenepo mu Okutobala 2019. Sitolo yotumiza kunja mwachindunji ingathe kuuchotsa, jinzi ya 33,000 yen n'kukhala 30,000. Mukagula kudzera mwa amkhalapakati monga Buyee kapena ZenMarket, amene amakugulirani pa misika ya pa intaneti ya ku Japan monga Mercari, Rakuten kapena Yahoo Auctions, nthawi zambiri msonkhowo mumalipira, kuwonjezera ndalama ya ntchito yawo, yotumizira m'dziko momwemo, ndi yotumizira kunja. Jinzi imodzi imalemera pafupifupi kilogalamu ikapakidwa. Kenako kasitomu. Ali ku South Africa akumbukire kuti zovala zimalipitsidwa 45 peresenti, VAT ya 15 peresenti n'kubwera pamwamba pake, moti ya 30,000 yen ija imadutsa 50,000 musanawerengere DHL. Ali ku Britain ali ndi VAT ya 20 peresenti, ndipo katundu woposa mapaundi 135 angalipitsidwenso msonkho wa pachipata. Kuno ku Malawi funsani a MRA, otolera msonkho, musanaode, osati katundu atafika, ndipo muganizire za kuvuta kwa ndalama zakunja ndi malire a khadi lanu la kubanki. Yen inagwa mpaka kufika 160 pa dola imodzi mu 2024, anthu a ku America n'kumasangalala kuti zatchipa, koma kwacha inali itatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho kutchipa kumeneko kunatidutsa. Ndipo musapemphe wogulitsa kuti alembe mtengo wabodza pa phukusi. Ambiri amakana, ndipo phukusi likasowa inshuwalansi imalipira zimene zinalembedwazo.

Pa kasamalidwe ka makasitomala, apa m'pamene ndimasiyana ndi odandaula. Sitolo zambiri za zovala zimenezi ndi zazing'ono, anthu atatu kapena anayi, ndipo amene amayankha makalata a Chingerezi angakhale mmodzi. Japan ili patsogolo pathu ndi maola 7. Mukalemba masana kuno, iwo atseka kale. Pa tchuthi cha Golden Week, kuyambira pa 29 Epulo mpaka pa 5 Meyi, pa tchuthi cha Obon pakati pa Ogasiti, ndi pa chaka chatsopano, ntchito imaima. Kulemba mauthenga asanu okalipa pa masiku amenewo sikufulumizitsa kanthu. Lembani uthenga umodzi waufupi, wa ziganizo zosavuta: dzina la sitayilo, saizi, manambala anu aja, ndi funso lakuti ayeze jinzi yeniyeni imene adzakutumizireni. Ambiri amachita zimenezi mosanyinyirika, ndipo n'zofunika chifukwa jinzi ziwiri za saizi imodzi zingasiyane ndi sentimita imodzi kapena iwiri. Funsaninso kuti imabwerera motani ikachapidwa. Iwo amadziwa nsalu iliyonse.

Kubweza ndi nkhani ina. Ku Japan zogula pa intaneti zimayendera malamulo amene sitoloyo inalemba pa tsamba lake, ndipo ambiri amalemba kuti salandira katundu chifukwa chakuti saizi sinakwane. Amene amalandira amafuna kuti ikhale yosavala, yosachapa, malebulo ali pomwepo, ifike m'masiku ochepa, ndalama yotumizira ili yanu. Kuchokera ku Lilongwe kapena ku Chipata, kuwerengera kotumiza ndi msonkho umene mwalipira kale, kubweza kumangofanana ndi kugula kachiwiri. Zogula pa Mercari kudzera mwa mkhalapakati ndiye musalote n'komwe zobweza. N'chifukwa chake kwa amene ali ku Britain ndimati kulipira mtengo wokwera ku Son of a Stag kapena Rivet and Hide, kumene mungayese, n'kwanzeru pa jinzi yoyamba. Yachiwiri, mutadziwa saizi yanu, muode ku Japan.

Musanalembe kalata yodandaula, dziwani zimene si zilema. Msoko wa m'mbali ukapotokera kutsogolo jinzi itachapidwa, ndi khalidwe la nsalu yosakonzedwa, ndipo ena amalipirira zomwezo. Timfundo ta ulusi, timadontho toyera ndi malo osasalala bwino, makamaka pa nsalu za Oni ndi Pure Blue Japan, anazipanga dala pomasula makina oluka. Utoto kuchucha pa nsapato zoyera, pa sofa ndi m'manja masabata oyamba, indigo amatero. Zilema zenizeni ndi batani kapena kachitsulo ka pathumba kuzuka, msoko kudumpha, bowo pansalu, kapena miyezo kusiyana kwambiri ndi imene analemba. Zikatero jambulani zithunzi tepi ili pamwamba pa chovalacho, manambala akuoneka, mutumize tsiku lomwelo musanavale kapena kuinyika m'madzi.