Chitseko cha America sichinayambe kutsekedwa dzulo

Dzulo ndinapsa mtima ndili m'babashopu, mutu utametedwa mbali imodzi. Magetsi anathima makina ali pakati pa mutu, ndiye tinangokhala pabenchi kudikira, ine nsalu ili m'khosi. Nkhani inagwera pa chikole cha viza chija anatiikira ife ndi anzathu a ku Zambia mu Ogasiti 2025, choti ukafuna kukacheza ku America uyambe wasiya madola 5,000, 10,000 kapena 15,000. Apo bambo wina wovala jekete dzuwa likuswa mtengo anaimirira n'kuyamba kutiphunzitsa kuti America kale inkalandira aliyense ndi manja awiri, Trump yekha ndiye waiwononga. Anthu n'kumagwedeza mitu ngati ali mu tchalitchi.

Achimwene, kale lake liti?

Ine Trump sindikumuikira kumbuyo, chikolecho chimandinyansa ngati wina aliyense. Chomwe ndikukana ndi bodza loti zimenezi n'zachilendo. Mkangano wa amene alowe ndi amene atsale panja ndi wamkulu msinkhu ngati dziko lenilenilo. Lamulo lawo loyamba la unzika, la mu 1790, linanena poyera kuti mlendo woyenera kukhala nzika ndi mzungu amene si kapolo. Dziko lisanapate n'komwe ufulu, Benjamin Franklin, mmodzi wa anthu amene anayambitsa dzikolo, ankadandaula kale kuti Ajeremani achuluka ku Pennsylvania ndipo sakuphunzira Chingerezi. Ajeremani! Agogo ake a Trump, a Friedrich, anachokera ku Germany komweko mu 1885, mayi ake a Trump anachokera ku Scotland. Ndiye tiziti chiyani?

Ku America wofika dzulo ndi amene amatseka chitseko lero. Anthu a ku Ireland atathawa njala ya mbatata m'zaka za m'ma 1840, panabadwa chipani chathunthu, chomwe ankachitcha Know Nothing, ntchito yake kudana ndi Akatolika obwerawo basi. Matchaina anaboola mapiri kumanga njanji yolumikiza kum'mawa ndi kumadzulo, inatha mu 1869. Malipiro ake? Mu 1882 anakhazikitsa lamulo loletsa antchito a ku China kulowa, ndipo linakhala mpaka 1943. Akulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Awa kalumoko amalandira, akameta bwinobwino, mwini wake n'kumulozera njira. Mu 1924 nthawi inakwana ya Ataliyana ndi Ayuda a kum'mawa kwa Ulaya, anawadulira chiwerengero mpaka kutsala kadontho. Mu 1939 sitima ya St. Louis inafika pafupi ndi gombe la Florida itanyamula Ayuda oposa 900 othawa Hitler, anaibweza, ndipo oposa 250 mwa iwo anakafera m'manja mwa amene ankawathawawo. Nthawi imeneyo Trump anali asanabadwe, achimwene.

Zifukwa zake sizisintha: ntchito ikasowa, mavoti akafunika, mlendo ndiye mfiti ya m'mudzi.

Ndipo musandiuze za chipani. Bambo wa jekete uja ankati a Democrat ndi anthu abwino, a Republican ndiwo ankhanza. Nanga bwanji Pulezidenti Reagan wa Republican ndi amene mu 1986 anasaina lamulo lomwe linapatsa mapepala anthu pafupifupi 3 miliyoni amene ankakhala m'dzikomo popanda chilolezo? Nanga Obama, amene tinamuvinira usiku wonse mu 2008 ngati mwana wa kwathu, si iye anathamangitsa anthu oposa 2 miliyoni? Chitsekocho chimatseguka pang'ono, ngati mu 1965 pomwe Pulezidenti Lyndon Johnson anachotsa malamulo osankha anthu potengera dziko lochokera, kenako chimabwerera phwaa! Ndi nyimbo imodzimodzi, angosintha woyimba ndi ng'oma. Lero aimika Amekisiko, mawa Asilamu, mkuja ife. Tinkaganiza kuti mzerewo sudzatifika chifukwa chiyani?

Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti bambo yemweyo ndimamudziwa. Mu 2023, apolisi akunyamula Maburundi ndi Anyarwanda m'matauni kuwabwezera ku Dzaleka, iyeyu ankaomba m'manja pakhomo pa golosale ya munthu amene ankamukongoza shuga ndi sopo mwezi ukakhala pakati. Ankati atilanda bizinesi, azipita kwawo. Golosaleyo anaitenga mlamu wake, inatha miyezi inayi, pano muli nkhuku. Lero akulira kuti azungu sakutifuna. Anyani kusekana zikundu.

Magetsi anayaka cha m'ma 5 koloko, iye n'kulumpha mzere, kukhala pampando ine mutu udakali theka.