Chimbale cha Linux ndi dzuwa la ku Ngabu

Amati Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, ndi yaulere. Zoona, ndalama sulipira, koma thukuta lokha ndiye umalipira ndithu.

Laputopu yanga yakale inkayenda ngati ngolo yodzaza thonje, ndiye alamu anga a ku Nchalo anandikopera Lubuntu, mtundu wopepuka wa Linux, pa DVD. Akuti Linux inzake, Ubuntu 24.04, inanenepa, siikwananso pa chimbale cha 4.7GB. Anapatsira kondakitala wa minibasi, iyeyo n'kungochiponya pa dashibodi, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Chinafika chitapindika. Ndinadikira china sabata yathunthu.

Chachiwiricho ndinachipukuta ndi malaya. Ndadina batani la F12 mpaka chala kuwawa kuti makina ayambire pa chimbale, m'katimo fumbi la chaka chonse, kukungolira kwee kwee ngati chigayo chopanda mafuta. Kutentha nakonso, kafani kakupuma mwabefu, ine ndikukapepesera ndi katoni ngati ndikukoleza mbaula.

Pofika pondifunsa ngati ndifufute zonse za mu hadi disiki, ndinavomera. Zithunzi za ukwati ndinali nditasunga kale pa foni, osadandaula. Mafayilo ali mkati mokopedwa, magetsi thii! Batire ya laputopuyo inafa kalekale. Windows yapita, Linux sinalowe, sikirini bii.

Ndawaimbira alamu aja, akundiyankha mosatekeseka: "Koma alamu, masiku ano anthu amagwiritsa ntchito fulashi." Nanga chimbalecho ananditumizira ndani?