Kukapumira kumapiri ozizira a kumpoto: kusiyana kwa Malawi, Zambia ndi Tanzania

Munthu amene wagwira ntchito zaka 30 ku Blantyre, Lusaka kapena Johannesburg akayamba kuwerenga miyezi yotsala kuti alandire penshoni, maso amathamangira kumapiri a kumpoto: Chikangawa, Livingstonia, Phoka, Misuku. Kumeneko kulibe thukuta la mu Okutobala, udzudzu ndi wochepa, ndipo malo sanathe ngati ku Thyolo kapena ku Chiradzulu. Mapiri omwewo akupitirira kutsidya kwa malire. Ku Zambia kuli Mbala ndi Mafinga, ku Tanzania kuli Tukuyu, Mbeya ndi Njombe. Mphepo imaomba chimodzimodzi m'mayiko atatuwa, koma dothi limasiyana, ndipo pepala lomwe mungagwire m'manja losonyeza kuti malo ndi anu limasiyana kwambiri.

Kuzizira kumatsata kukwera kwa malo. Mukakwera mamita 100, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 0.6. Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 475 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, n'chifukwa chake wochoka pa Chitimba atavala malaya okha amafika pa Livingstonia akufunafuna juzi. Mzuzu ili pa mamita pafupifupi 1,250, Mbala ndi Mbeya zili pakati pa 1,600 ndi 1,700, Njombe ikuyandikira 1,900. Pamwamba pa Nyika ndi pa Kitulo ku Tanzania pamapitirira 2,000 ndipo chisanu chimagwa mu Juni ndi Julayi, koma musadzivute kuganizako: onsewa ndi malo osungirako zachilengedwe, simungamangeko. Kwa munthu wa zaka zoposa 60, pakati pa mamita 1,200 ndi 1,700 ndi pomwe thupi, munda ndi msewu zimagwirizana.

Chomwe ambiri amaphonya n'chakuti kuzizira kuli mitundu iwiri. Kuli kouma, kwa ku Mzimba, Chitipa ndi Mbala, komwe mvula imatha mu Epulo, usiku kumazizira koopsa koma masana dzuwa limawala mpaka zovala kuuma. Kuli konyowa, kwa ku Chikangawa, mapiri oyang'ana kunyanja a ku Nkhata Bay ndi Tukuyu, komwe mphepo ya mwera imanyamula chinyontho cha kunyanja n'kukachikhuthulira m'mapiri. Ku Mzuzu mvula yamawawa imatha kupitirira mpaka Meyi ndi Juni. Tukuyu ndi amodzi mwa malo olandira mvula yambiri ku Tanzania konse, yoposa mamilimita 2,000 pachaka. Kukongola kwake n'kosayamba, koma nsapato zimachita nkhungu m'kabati, chimanga chimavutira kuuma pamunda, ndipo wodwala mphumu kapena nyamakazi amamva kusiyanako m'chaka choyamba. Ngati chifuwa chanu n'chovuta kale, sankhani kuzizira kouma ngakhale malowo aoneke otuwa mu Seputembala.

Malo aliwonse omwe akusonyezani, ayendereni katatu musanatulutse ndalama. Mu Julayi, mamawa cha m'ma 5 koloko, kuti muone pomwe chisanu chimagona. Mphepo yozizira ndi yolemera, imatsika phiri usiku ngati madzi n'kukaima kudambo, motero malo osalala okongola a m'mphepete mwa mtsinje ndi omwe amapsereza nthochi, khofi ndi mbatatesi pomwe mnzanu wa mamita 50 pamwamba panu sakudziwa kanthu. Pamwamba penipeni pa chitunda napo sipabwino chifukwa cha mphepo. Nyumba imakhala bwino pakati pa chitunda, mbali yoyang'ana kumpoto. Ulendo wachiwiri mu Okutobala kapena kumayambiriro a Novembala, kukaona ngati kasupe yemwe ogulitsa akumutama akutulukabe. Tengani chidebe cha malita 20 ndi wotchi. Ngati chikudzaza m'mphindi zisanu ndiye kuti mukupeza malita oposa 5,000 patsiku, okwanira nyumba ndi kadimba. Wachitatu mu Malichi, pagalimoto yomwe mudzayendere, kuti muone msewu uli pachimake cha matope.

Pa dothi, Tanzania ndiye mwini wake. Dera la Rungwe lili ndi dothi lochokera ku phulusa la mapiri omwe ankaphulika kale, lakuya ndi lofewa, n'chifukwa chake tiyi, nthochi, mbatatesi ndi mapeyala zimabereka mosakakamiza, ndipo mbatatesi ndi nthochi zambiri zodutsa pa Songwe kulowa m'Malawi zimachokera mbali imeneyo. Kumpoto kwa Zambia zinthu ndi zina. Mvula yoposa mamilimita 1,000 pachaka inatsuka dothi kwa zaka zambirimbiri n'kulisiya ndi asidi wochuluka. Ulimi wa chitemene, wodula nthambi n'kuziwotcha pamunda, unabadwa chifukwa phulusa limachepetsa asidiyo, ndipo Amambwe a ku Mbala ali ndi fundikila, kukwirira udzu m'mitumbira kuti uwolere momwemo. Nyemba za ku Mbala zomwe zimatchuka m'misika ya Lusaka zimachokera m'minda yotere. Kumpoto kwa Malawi kuli zonse ziwiri: chigwa cha Henga chili ndi chonde, pomwe zitunda za Viphya ndi mbali zina za Misuku zili ndi dothi lofiira la asidi lomwe limadya feteleza osabweza.

Chifukwa chake n'choti pH, muyeso wa asidi m'dothi, ikatsika pansi pa 5.5, fosifolasi wa mu feteleza amamangika m'dothi ndipo mizu imafupika. Mumathira matumba anayi, chimanga chikhalabe chofiirira masamba. Kuyeza n'kotsika mtengo poyerekeza ndi thumba limodzi la feteleza. Kumbani malo 15 kapena 20 moyenda mokhotakhota m'munda, kuya masentimita 20, sakanizani m'chidebe choyera, tengani theka la kilogalamu. Pitani nalo kumalo ofufuzira za ulimi: ku Malawi ku Lunyangwa mu Mzuzu, ku Zambia ku Misamfu pafupi ndi Kasama, ku Tanzania ku Uyole mu Mbeya. Dothi lotere limafuna laimu, kawirikawiri tani imodzi kapena matani awiri pahekitala, wosakanizidwa ndi dothi mwezi umodzi kapena iwiri mvula isanagwe. Werengerani mtengo wa lole yomukwezera kuphiri, chifukwa laimu ndi wotsika mtengo pogula koma wolemera ponyamula. Kumbukiraninso msinkhu wanu posankha chobzala: khofi amayamba kubereka pakatha zaka zitatu, mapeyala a Hass olumikiza zitatu kapena zinayi, makademiya zisanu kupita m'tsogolo, paini zoposa khumi ndipo moto wolusa wa mu Okutobala ukhoza kumumaliza tsiku limodzi. Khofi ali ndi ubwino woti ku Misuku, Phoka ndi Viphya kuli kale magulu a alimi a Mzuzu Coffee omwe ali ndi makina otsukira ndi msika.

Tsopano nkhani ya mapepala, yomwe ndi yomwe imaliza anthu.

Ku Tanzania khomo ndi lotseka kwa mlendo. Malamulo awo awiri a malo a 1999 amaika malo onse m'manja mwa mtsogoleri wa dziko moimira nzika zonse, ndipo amene si nzika sapatsidwa malo pokhapokha ngati ndi a bizinesi yovomerezeka kudzera ku bungwe la boma loona za amalonda akunja. Malo a kumudzi amagawidwa ndi khonsolo ya mudzi movomerezedwa ndi msonkhano wa mudzi wonse, ndipo chikalata chake, chomwe amati hati ya kimila, ndi cha nzika. Dzikolo sililolanso unzika wa mayiko awiri. Anthu ena amalembetsa malo m'dzina la mkazi kapena mnzawo wa Chitanzaniya. Malowo amakhala a mwini dzinalo, basi; banja likatha kapena iye akamwalira, mulibe poimira kubwalo. Ngati mtima uli pa Tukuyu, chitani lendi nyumba ndipo ndalama ya penshoni isalowe mu njerwa.

Zambia ili ndi pepala lolimba kuposa onse, koma njira yake ndi yaitali. Pansi pa lamulo la 1995, malo a mafumu akhoza kusinthidwa kukhala a lizi (pangano lobwereka malo kuboma) ya zaka 99. Mumayamba ndi mfumu ya mudzi, kenako chilolezo cholembedwa cha mfumu yaikulu, kenako khonsolo ya boma imatumiza anthu kukaona ngati palibe wina yemwe akulima kapena kudyetsa ziweto pamalopo, ndipo ikavomereza imatumiza mapepala kwa Commissioner of Lands, mkulu wa boma woona za malo. Oyeza malo amakhoma zikhomo n'kujambula mapu, ndipo lizi ikatuluka mumalipira msonkho wa malo chaka ndi chaka. Khonsolo siiyenera kuvomereza mahekitala oposa 250, omwe munthu wopuma pantchito sawafuna n'komwe. Mmalawi sangangolowa n'kuyamba zimenezi: ayenera kukhala ndi chilolezo chokhazikika m'dzikomo kapena kuvomerezedwa ngati wobweretsa bizinesi. Kwa Mchewa kapena Mnsenga wa ku Chipata ndi Petauke, yemwe ndi nzika kale, Mbala ndi yotseguka, ndipo Zambia inalola unzika wa mayiko awiri mu 2016. Cholakwika chofala ndi kuima panjira: munthu walandira kalata ya mfumu, wamanga nyumba, mapepala agona ku khonsolo zaka. Mfumu ikamwalira, wolowa m'malo sakakamizidwa kukumbukira zomwe sanasaine.

Malawi ili pakati. Malamulo a malo a 2016, omwe anayamba kugwira ntchito mu 2018 n'kukonzedwanso mu 2022, anabweretsa njira yolembetsa malo a makolo m'dzina la munthu kapena banja kudzera mu komiti ya malo yotsogozedwa ndi a gulupu, yokhala ndi anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa, atatu mwa iwo kapena kuposa akhale amayi. Rumphi linali limodzi mwa maboma oyamba kuyesererako, koma madera ambiri kalemberayu sanafike, ndipo zomwe anthu amatcha kugula malo ndi kapepala kodindidwa ndi a nyakwawa. Kapepalako ndi umboni woti munapereka ndalama, si chikalata cha umwini. Kumpoto malo amatsata mzere wa bambo, mosiyana ndi kwa Achewa, Alomwe ndi Ayao, choncho wogulitsa yemwe wabwera yekha asakukhutiritseni. Funsani azichimwene ake, azibambo ake aang'ono ndi ana aamuna omwe ali ku Joni. Ndi amenewa omwe amatulukira mukangokhoma malata. Onse asaine pamaso pa a gulupu ndi a T/A, muyende malire limodzi ndi oyandikana nawo, mukhome zikhomo za simenti tsiku lomwelo.

Ngati akukugulitsani esiteti yakale ya fodya ku Mzimba kapena ku Rumphi, pitani ku ofesi ya malo ku Mzuzu mukafufuze lizi yake. Ambiri mwa maesiteti amenewa anapatsidwa lizi ya zaka 21 m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Ina inatha kalekale, ina ili ndi ngongole ya msonkho, m'maesiteti ena munalowa kale midzi. Samalaninso ndi malo a m'mphepete mwa Nyika, Vwaza ndi nkhalango za boma za Viphya ndi Misuku. Pamene Nyika inkakulitsidwa mu 1978 anthu anasamutsidwa, ndipo madandaulo a malire sanazirale mpaka lero. Amene munatenga unzika wa Britain kapena South Africa kale, konzani za unzika wanu wa Malawi poyamba, popeza Nyumba ya Malamulo inavomereza unzika wa mayiko awiri mu 2018, ndipo malamulo a malo amathina kwa yemwe si nzika. Lembani wilo. Mayi wamasiye wochokera ku Dedza yemwe watsala yekha pamalo osalembetsa pakati pa abale a eni malo sakhalapo mwamtendere, ngakhale lamulo la chuma chamasiye la 2011 lili kumbali yake.

Nyumba ya kumapiri siimangidwa ngati ya ku Salima. Mu Juni dzuwa limadutsa chakumpoto, ndiye mawindo aakulu a pabalaza ndi kuchipinda ayang'ane kumeneko, khoma la kummwera chakum'mawa komwe mwera amachokera likhale ndi mawindo aang'ono. Malata opanda siling'i amatulutsa kutentha konse usiku ndipo m'mawa amadontha thukuta pabulangeti. Ikani siling'i ndi chotchingira kuzizira pamwamba pake, musiye mipata yoti mphepo izidutsa pakati pa siling'i ndi denga. Pansi pa khoma ndi pansi pa simenti ya m'nyumba yalani pulasitiki wokhuthala kuti chinyontho chisakwere. Dera lonseli, kuyambira Karonga mpaka Mbeya ndi Mbala, limagwedezeka ndi zivomerezi, ndipo za ku Karonga mu Disembala 2009 zinagwetsa nyumba zambiri za njerwa zomangira dothi. Lamba wa konkire wokhala ndi zitsulo pamwamba pa mawindo asasiyidwe pofuna kupulumutsa matumba ochepa a simenti. Sola imachepa mphamvu m'miyezi ya chifunga, nthawi yomweyo yomwe mukufuna madzi otentha, choncho ku Chikangawa kapena Tukuyu werengerani mapanelo ndi mabatire potengera Juni, osati Okutobala. Mangani malo osonkhapo moto okhala ndi chumuni chopitirira nsonga ya denga. Mbaula ya makala m'chipinda chotseka imapha anthu chaka chilichonse m'mayiko onse atatu: mpweya wake sununkha, umangogoneka munthu.

Malungo ndi ochepa kumtunda koma sanathe, ndipo thupi likakhala zaka kopanda udzudzu limaiwala kulimbana nawo, motero ulendo wa kumaliro ku Karonga kapena ku Mpulungu umafuna neti. Yezani mtunda wa kuchipatala ndi wotchi, mu Malichi. Mzuzu Central, Ekwendeni ndi David Gordon Memorial ku Livingstonia zili mbali ya Malawi, Mbala ili ndi chipatala chake chachikulu, Mbeya ili ndi chipatala chotumizako odwala a chigawo chonse. Kwa munthu wa BP kapena shuga, malo omwe ali kupitirira ola limodzi kuchoka pa chimodzi mwa zimenezi nthawi ya mvula angakhale abwino kubzalapo paini, koma nyumba yogonamo imangidwe kufupi ndi tala.